Misere ya Nazunga

Inu mumayesa kuti zoopsa zonse zimadikira mdima. Ayi ndithu. Izi ndikuti ndikuuzenizi zinkachitika dzuwa likuswa mtengo, anthu akupita kuchigayo, ana akusewera phada pabwalo. Tasunthani chikuni icho, utsi ukundilowa m'maso, ndiye mutchere khutu.

Kunali mayi wina dzina lake Edesi. Anakwatiwa ndi a Kamtedza, bambo wofatsa, mlimi wa ndiwo zamasamba, ndipo anamutenga chitengwa kupita naye kwawo, m'mbali mwa dambo la Kanyungu. Bamboyu anali atafedwa mkazi woyamba, Nazunga, zaka zitatu m'mbuyomo. Mwambo wonse unayenda bwino. Anameta, akuchikazi anamusudzula, katundu wa malemu abale anagawana mpaka chipande. Edesi polowa m'nyumbamo sanapezemo ngakhale duku la mnzakeyo, ndipo mumtima anati, apa ndiye ndafika, mwamunayu ndi wanga ndekha.

Musamuseke, ankamukondadi. Edesi anali atalawapo banja lina la zibakera, lomwe anachokako ndi dzino logweduka. Tsono kupeza mwamuna woti akamapita kumsika akufunsa kuti ndikugulireni chiyani, kwa iye chinali chinthu chosati n'kugawana ndi munthu.

Koma panali kanthu kamodzi.

M'mawa uliwonse akatha kuthirira, a Kamtedza ankabwera kunyumba n'kutapa misere, tizibenthu ta chimanga totsala pokonola tija, m'kambale kachitsulo kobenthuka m'mphepete. Ankabwerera nako kudimba, n'kukakhala pachipika cha mkuyu chomwe chinagona pafupi ndi nthochi, n'kumawazira mbalame. Ankakhala pamenepo mpaka dzuwa kufika pamutu. Pobwerako nkhope inkakhala yowala, ngati munthu amene wachokera kocheza.

Tsiku lina Edesi anafunsa.

"Kodi bambo, misere mukutayira mbalame zakutchireyi, nkhuku zathu zinakulakwirani chiyani?"

"Ndi chizolowezi chabe, mayi."

"Chizolowezi cha yani?"

A Kamtedza anangomwetulira n'kuvala chipewa chawo chamlaza. Yankho Edesi anakalipeza pamtondo, kwa alamu ake a Mwatitha, mlongo wawo wa a Kamtedza, mayi woti pakamwa pake sipaola.

"Zimenezo anayambitsa ndi malemu," anatero a Mwatitha akusinja. "Nazunga ankati mbalame ukazidyetsa pamalo amodzi, sizikujomphera tomato. Munthu uja anali ndi zakezake. Sankapereka kanthu asanayambe walawa, kaya ndi thobwa kwa mlendo, kaya ndi mkute kwa galu. Ankati wopereka ayambe wachotsa ufiti. Achimwenewo anatengera zambiri kwa iye, inu mukuwaona chonchi."

Koma Edesi anasiya kumva pamene linatchulidwa dzina lija. Zotsalazo zinalowera khutu ili n'kutulukira linalo. Munsi wake unayamba kugwa mwamphamvu mumtondo mpaka chimanga kumathawira pansi. Ndiye kuti katundu yense anagawana, koma ichi anachisiya? Nsanje inamugwira pakhosi ngati mbatata youma.

Kuyambira tsiku limenelo anayamba kuzonda. Dimbalo linali lotchinga ndi mpanda wa mapesi, ndipo kumbuyo kwa chipika chija kunali kampata kolowa diso limodzi. Edesi ankagwada pamenepo, ndowa ili pambali kuti wodutsa aziti akupita kuchitsime. Amuna ake ankangowaona msana ndi chipewa basi. Nkhope ndi manja zinali mbali inayo. Chomwe ankachiona bwinobwino ndi mbalame.

Ndipotu nsanje ndi mphunzitsi. Pasanathe mwezi Edesi ankadziwa kadyedwe ka mbalame iliyonse kuposa anyamata a malegeni. Zoyamba kutera zinali mpheta, chigulu, zaphokoso, zolandana chakudya chili mbwee. Njiwa zinkabwera pambuyo, ziwiriziwiri, n'kumayenda mogwedeza mitu, kusankha tizibenthu tikulutikulu tokhatokha. Asisisi, timbalame tobiriwira pachifuwa tija, sitinkalimbana ndi aliyense, tinkatola kafumbi ka m'mphepete komwe ena asiya. Timba analibe nazo ntchito za misere, iye ankalowa mumpiru kusaka mbozi. Pumbwa ndiye ankakhala pansonga ya nthochi, kuyang'anira uku akulongolola, akatopa n'kutsikira patsabola wakupsa.

Poyamba zonsezi zinali za mbalame basi. Kenako Edesi anayamba kuona zina.

Chipikacho chinali chachitali, koma a Kamtedza sankakhala pakati. Ankakhala kumapeto kwenikweni, kumanja, ngati mmene amakhalira munthu m'basi akasiyira mnzake malo. Ndipo pansi, kutsogolo kwa malo opanda munthuwo, mbalame zinkasiya mpata. Misere inkagwa paliponse, mpheta zinkadzaza bwalo lonse, koma pamenepo zinkazungulira. Mpatawo unali wautali, wopapatiza, ngati pamene pakhala miyendo ya mayi woti wakhala atatambalala.

Edesi anapukuta diso n'kuyang'ananso. Mpata unali pomwepo.

Tsiku lina anaona asisisi akuchita chinthu chomwe mbalame sichita. Kamodzi kanauluka kuchoka pansi, n'kuima m'malere pamtunda wa bondo la munthu, kakukupiza timapiko. Kanajompha pamene panalibe kanthu, n'kutsika kali ndi msere kukamwa. Kanabwera kena, n'kuchitanso chimodzimodzi. Edesi anamva tsitsi likuyenda pansi pa duku. Koma ndikuuzeni zoona, mantha ake anali ochepa. Chomwe chinakula ndi mkwiyo, chifukwa nthawi yomweyo anamva amuna ake akuseka motsitsa, kuseka kumene iye anali asanakumvepo m'nyumba.

Kunyumba nako tinthu tinayamba kusokonekera. Lichero la Edesi, lomwe anabwera nalo kuchokera kwawo, linkasowa pamsomali, n'kukapezeka litatsamira mpanda wa dimba, muli timadeya. Masana ena, mudzi uli zii, ankamva kupeta kuseri kwa khitchini, tseche, tseche, tseche, kupeta kwa munthu wodziwa, kosafulumira. Akazungulira, ankangopeza nkhuku zitaima, makosi ali m'mwamba, zonse zikuyang'ana mbali imodzi.

Chomwe chinatsiriza zonse ndi wogulitsa usipa. Anali munthu wachilendo, wa panjinga, ndipo njira yake inadzera kudambo. Atafika pakhomo n'kupeza Edesi akutsuka mbale, anaima n'kumuyang'ana modabwa.

"Pepani mayi, pano ndi pa bambo a chipewa chamlaza ali kudimbawo?"

"Ndi pomwe pano."

"Ndiye inu ndi achemwali awo?"

"Ndine akazi awo."

Munthuyo anakanda m'mutu. "Basi ndalakwitsa. Ine ndimayesa akazi awo ndi amene akhala nawo pachipika aja. Ndawapatsa moni, bambowo ayankha, koma mayiwo angondiyang'ana."

"Avala chiyani?"

"Nanga ndaonetsetsa ngati? Kaduku kofiirira kaya. Ndikati ndikumbukire nkhope, sikubwera." Anaseka pang'ono, koma kusekako kunathera panjira. Anakwera njinga yake n'kumapita, usipa osatsatsanso.

Madzulo ake Edesi sanapite m'mbali.

"Bambo, kudimba kuja mumakhala ndi yani?"

"Ndi mbalame."

"Mbalame zinayamba liti kuvala duku?"

A Kamtedza anasiya kusenda bango lomwe anali nalo m'manja. Kenako anayankhula mofatsa. "Mayi, ine sindiona munthu kumene kuja. Ndikanama ndikati ndimaona. Kungoti ndikakhala pamenepo mtima umakhala m'malo. Ngati zikukuvutani, tiyeni mawa tikakhale limodzi. Mukaone nokha zomwe ndimachita."

"Ndikakhale pati? Malo alipo? Ine si wokakhala kumiyendo kwa mkazi mnzanga."

"Munthu anagona kalekale uja mukumuchitira nsanje?"

"Akanagona bwenzi akundibera lichero?"

Anakana. A Kamtedza anamupempha kachiwiri m'mawa mwake, anakananso. Abale anga, akanangopita tsiku limodzi lokha n'kukakhala pambali pa mwamuna wake, nkhani ino bwenzi kulibe. Koma nsanje imakonda kuonera pakampata.

Edesi anayamba kuwerengera mumtima. Mkazi mnzako wamoyo ungathe kumutukwana pachitsime, ungathe kumuposa kuphika, ungathe kudikira kuti akalambe. Nanga wakufa ungamutani? Sakalamba, sapsereza ndiwo, salakwa kanthu. Koma anaona kuti chomwe chimakokera amuna ake kuchipika chija ndi mbalame. Popanda mbalame palibe misere, popanda misere palibe kukhala pachipika. Ndipo mbalame zimafa.

Pamwamba pa khoma, kuseri kwa nsichi, panali kapepala ka mankhwala a makoswe, oyera ngati ufa. M'mawa wina, amuna ake ali kothirira, Edesi anatapa misere m'kambale kaja, n'kuthiramo mankhwalawo mosaumira, n'kusakaniza ndi kamtengo. Anakaika pakhonde pomwe a Kamtedza ankakatenga masiku onse.

Anangotembenuka kuti alowe m'nyumba, anamva ngwee. Kambale kanali katagudubuka, misere ili mbwee m'fumbi. Mphepo kunalibe. Nkhuku anali asanazitsegulire. Anasesa msangamsanga n'kukataya kuchimbudzi, ndipo tsiku limenelo a Kamtedza anatapa okha misere yabwinobwino.

M'mawa mwake anasakanizanso. Ulendo uno anakaika m'nyumba, pansi pa tebulo, n'kuvundikira ndi beseni, chitseko n'kukoka. Anapita kukatunga madzi. Pobwera anapeza kambale kali pathandala, kotsukatsuka, kovundikira, kakudontha madzi. M'nyumba beseni linali mmene analisiyira, koma pansi pake panalibe kanthu.

Munthu wina akanathawira kwa alamu ake, kapena kutchalitchi. Edesi anaima pakati pa bwalo, manja m'chiuno, n'kuyankhula kwa mphepo.

"Ukuteteza tiana tako eti? Pakhomo pano ndi panga. Iwe unadya zako, zinatha. Tiona mawa."

Kuseri kwa khitchini kupeta kuja kunayamba, koma tsiku limenelo kunali kofulumira, kosokonekera.

Tsiku lachitatu Edesi anathira mankhwala onse otsala. Kambale sanakatule pansi. Anakagwira ndi manja awiri, atakakanikiza pachifuwa, n'kuima pakhomo kudikira amuna ake. Ali chiimire anamva kambale kakulemera mbali imodzi, ngati wina wakola chala m'mphepete n'kumakoka. Chitsulocho chinazizira mpaka zala kuchita dzanzi. Iye anagwiritsa. Njiwa ina inachokera kudenga n'kudzamenya mapiko pamaso pake penipeni, nthenga kumuthothokera pamapewa. Anatsinzina, koma sanataye. Pumbwa anatera pamtondo n'kumalira mosalekeza, kulira kopanda nyimbo.

A Kamtedza anatulukira ndi khasu paphewa. Ataona akazi awo ali ndi kambale m'manja, anaima. Nkhope yawo inasungunuka.

"Lero mwanditapira nokha, mayi?"

"Ndakutapirani."

"Zikomo. Ine ndinkadziwa kuti tsiku lina mudzazikonda mbalame zimenezi." Analandira ndi manja awiri, ngati mwana wolandira kwa wamkulu. "Simubwera?"

"Pitani, ndili ndi ntchito."

Atangokhota, Edesi anawatsata. Koma tsiku limeneli kampata ka diso limodzi sikanamukwanire. Ankafuna aone bwinobwino mpheta zikugwa chagada, aone kuti mpata wa miyendo uja utsala ndi yani. Choncho anazungulira dimba lonse, n'kulowera mbali ya kudambo, n'kubisala m'nthochi. Kwa nthawi yoyamba chiyambire kuzonda, anawaona amuna ake kumaso.

M'dimba munali zii. Mbalame zinalipo, zochuluka kuposa masiku onse, koma panalibe ndi imodzi yomwe pansi. Zinandanda pampanda, mpheta, njiwa, asisisi, ngakhale timba amene sadya misere. Zonse zinali chete, zikuyang'ana kambale.

A Kamtedza anakhala kumapeto kwa chipika. Anayang'ana kumpanda n'kuseka. "Lero mwachita manyazi bwanji? Kapena mwamva kuti watapa ndi mlendo?" Anavula chipewa n'kuchiika pabondo. Kenako anatapa misere yodzaza dzanja, n'kutembenukira kumalo opanda munthu kuja, n'kunena mawu omwe ankaoneka kuti amawanena tsiku lililonse.

"Ndayamba ndine, a Nazunga. Mulibe ufiti."

Anaponya miserewo mkamwa n'kuyamba kutafuna.

Apo m'pamene mawu a alamu ake pamtondo paja anamubwerera Edesi, onse, limodzilimodzi. Anatsegula pakamwa kuti akuwe. Anaona nsagwada zikuyenda. Anaona mmero ukukwera n'kutsika. Pamene mawu amatuluka n'kuti a Kamtedza atatapanso kachiwiri.

"Lavulani! Bambo, lavulani!"

Anatuluka m'nthochi akukwawa, n'kudzamenya kambale kugwera uko. A Kamtedza anamuyang'ana, n'kuyang'ana misere ili pansi, n'kuyang'ana mbalame zili pampanda. Anaimirira, n'kuyamba kukwirira miserewo m'matope ndi chidendene, pang'onopang'ono, mpaka osaoneka ndi umodzi womwe.

"Zingadye," anatero.

Edesi anathamangira kumudzi akulira. Anthu anabwera, anawamwetsa mkaka a Kamtedza, anawamwetsa makala osinja, anamanga ng'ombe pangolo. Thukuta linali likuwatsika a Kamtedza ngati awathira madzi. A Mwatitha anawagwira mutu n'kumafunsa kuti achimwene mwadya chiyani, wakupatsani ndani. Edesi anatsegula pakamwa kuti anene, koma dzanja la amuna ake linamugwira pamkono.

"Ndasokoneza ndekha," anatero a Kamtedza movutikira. "Ndinaika mankhwala a makoswe pafupi ndi misere. Mayiwa asavutitsidwe."

Paja amati mbalame ikatera pauta silasika. Anthu anamva zomwezo, ndipo anakhulupirira zomwezo. Ngolo sinafike n'kuchipatala komwe. Inabwerera pamlatho, ng'ombe zikuyenda pang'onopang'ono.

Masiku a maliro onse Edesi sanadye. Anthu ankati taonani chikondi, mayiyu atsatira mwamuna wake. Sankadziwa chomwe chinkamudya. Ankangoona kambale kogudubuka pakhonde, kambale kotsuka pathandala, chala chokoka m'mphepete. Iye ankayesa kuti mnzakeyo akulimbirana naye mbalame. Chonsecho munthu anali kumanda uja ankayesetsa kumusungira mwamuna, kuti akhalebe kuno, m'nyumba ya Edesi, pamphasa ya Edesi. Katatu konse anamuletsa, ndipo katatu konse Edesi anakakamira.

Atameta, abale ake anabwera kuti amutenge abwerere kwawo. Anawapempha kuti amudikire tsiku limodzi. M'mawa mwake anatsuka kambale kaja ndi mchenga, n'kutapa misere yabwino, n'kupita kudimba. Mpiru unali utafota, tomato atagwera pansi. Anaima patsogolo pa chipika, n'kutapa pang'ono, n'kutafuna, n'kumeza.

"Ndayamba ndine," anatero. "Mulibe ufiti."

Anawaza. Kwa kanthawi sipanagwedezeke kanthu. Kenako mpheta zinatsika, njiwa pambuyo, asisisi m'mphepete, monga mwa masiku onse. Edesi anapumira m'mwamba, misozi ikutsika. Anati mwina andikhululukira.

Ndiye anayang'ana pansi.

Mpata uja unalipo. Koma sunalinso umodzi. Pambali pake, kumanja, panali wina, waufupi, wa mapazi awiri a munthu wokhala pachipika mawondo ali m'mwamba. Mipata iwiriyo inagundana, moti pakati pake sipakanadutsa ngakhale kasisisi. Timbalame tija tinkauluka, kuima m'malere, kujompha uku, kujompha uko. Ndipo chapansipansi, ngati kuseri kwa mphepo, Edesi anamva kuseka kuja, kumene sanakumvepo m'nyumba mwake. Ulendo uno ankaseka ndi awiri.

Mukuganiza kuti anathawa? Sanathawe. Chinthu chija chinamugwiranso pakhosi, chomwe chija cha pamtondo, chouma ngati mbatata. Anayenda mpaka pachipika kuti akhale nawo, akhale pakati, awalekanitse. Anayesa apa, anayesa apo. Chipika chinali chopanda kanthu kuchokera uku mpaka uko, koma paliponse pomwe ankati akhale, mawondo ankakana kupinda, ngati mmene thupi limakanira kukhalira munthu.

Abale ake anamupeza dzuwa lili pamutu, ali chiimire, kambale kali m'manja. Mkulu wake anamugwira paphewa.

"Edesi, tiye. Ukudikira chiyani pano?"

"Ndikudikira asunthe," anatero Edesi, maso ali pachipika. "Amuna anga anandiitana katatu konse kuti tidzakhale limodzi. Nthawi imeneyo malo analipo."